Phiko la ngumbi ku Glenhazel

Mlamu wanga asanathire mchere wake, imvani kwa mwini nkhani. Sindinadyetse Ayuda ngumbi ayi. Linali phiko limodzi, ndipo pakamwa pa munthu silinafikepo.

Lachisanu kukhitchini kwa abwana anga achiyuda ku Glenhazel, ku Joni, kumakhala ngati tikuphikira ukwati, chifukwa zonse ziyenera kupsa dzuwa lisanalowe, Sabata lisanayambe. Ine gawo langa ndi masamba. Musaganize za kutsuka kwathu kuja koviika chisoso kawiri n'kuponya mumphika. Letesi timathothola tsamba limodzilimodzi, kuviika m'madzi a sopo wotsukira mbale, kuvundula, madziwo n'kuwasefa pansalu yoyera. Nsaluyo timayala pa kabokosi kowala ngati kamene adokotala amaonerapo X-ray, kenako n'kumasuzumira. Tikusaka nsabwe za m'masamba ndi tina totchedwa thrips, tochepa ngati kadontho ka bolopeni. Kakapezeka kamodzi, yambiraninso. Broccoli wa kumsika madamu anamuleka kalekale, amagula wouma ndi chisanu wokhala ndi chizindikiro cha kosher (chosonyeza kuti Ayuda angathe kudya) basi, ati m'timaluwa take tizilombo timabisala kuposa munthu wangongole.

Lamulo lake loletsa kudya tizilombo likuchokera pa Levitiko 11. Madamu anandiuza kuti choletsedwa chikagwera mwangozi m'chakudya chochuluka kuposa icho ka 60, kawirikawiri sichiwerengedwa, koma kachilombo kathunthu kamawerengedwabe ngakhale kagwere mumgolo. Ati mu Talmud, buku la malamulo achiyuda, kudya nyerere imodzi ndi milandu 5. Ndinangogwedeza mutu, mumtima ndikuwerenga ngumbi zomwe ndadya chibadwire. Ine kumwambako ndilibe fayilo, ndili ndi kabati.

Tsono sabata imeneyo mlamu anatsika basi ya ku Lilongwe ndi jumbo ya ngumbi zokazinga, mchere wake wa pamlingo. Ndinatapa dzanja limodzi n'kuthira m'thumba la malaya. Zoti chakudya changa sichiloledwa pa mbale zawo ndimadziwa bwino. Koma thumba la malaya ndi mbale?

Nditasefa kachitatu, nsalu inatuluka mbee. Ndinaitana madamu monyada, n'kuwerama kuti ndiwalozere. Pamenepo ndi pamene linatuluka. Silinagwe msanga kuti ndiliphimbe ndi chala ayi. Linatsika mwaulemu, likuzungulira ngati ndege yodikira chilolezo pa Chileka, n'kudzatera pakatikati penipeni pa kuwala. Abale, phiko la ngumbi ndi lokongola. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwapeta mapikowa m'lichero osadziwa kuti ali ndi timitsempha ngati lesi ya diresi la mkwatibwi.

Madamu anavala magalasi. Anavula. Anavalanso. Anaitana abwana, abwana anabwera ndi galasi lokulitsira zinthu, mwana wawo anabwera ndi rula ya kusukulu. Anthu ozolowera kusaka kadontho anali atapeza njovu. Analijambula n'kutumiza kwa rabi pa WhatsApp. Kenako madamu anatembenukira kwa ine.

"Unayamba waonapo chinthu chotere?"

Ine, mwana wa ku Dowa, wokulira pachulu ndi muuni wa udzu m'manja, ndinaliyang'anitsitsa phikolo ngati mlendo. "Sindinaonepo, madamu." Ndikuyankha choncho kamwendo ka inzake kali pakati pa mano.

Rabi anayankha kuti phiko lili ndi mwini wake, asakidwe. Tinapasula mitu itatu ya letesi. Abwana anayamba kufufuza nambala ya sitolo, ndipo apa mtima unandigunda, chifukwa sitoloyo inalibe mlandu. Pofuna kuoneka wakhama, ndinagwada kuti ndisuzumire kunsi kwa tebulo.

Waaa! Thumba lonse pa matailosi oyera.

Kunali zii. Firiji yokha ndi imene inkalira. Mwana uja anagwada pambali panga n'kuyamba kuwerenga imodziimodzi, ndipo nditamuona akuchulukitsa ndi 5 ndinadziwa kuti sukulu yake amalipira yabwino.

Ndinayesa kudziteteza, musati ndinangofa ngati nkhuku. Ndinati Yohane Mbatizi ankadya dzombe ndi uchi, kuiwala kuti buku la Mateyu m'nyumba imeneyo silitsegulidwa. Ndinathawira pa Levitiko 11:22 pomwe dzombe ndi lololedwa. Abwana, akudziletsa kuseka, anati ndi zoona, Ayuda a ku Yemen anasunga mwambo wodziwa mtundu wa dzombe lodyedwa, koma izi, bambo, si dzombe. Ndinafuna kunena kuti ndi pachibale, ndinangomeza mate.

Ntchito sinathe. Madamu anandigulira yunifolomu yopanda thumba, ndipo letesi yense uja anandipatsa. Ndinadyera nsima masiku atatu, ndipo ndikutsimikizireni kuti letesi si ndiwo. Jumbo ija yatsala theka, ili kuchipinda kwanga kuseri. Wofuna abwere Lamulungu, koma asavale malaya a thumba.