Lachitatu: tsiku lopana mtsempha

Ndafika ku labotale 7 koloko, ngakhale tiyi ndisanamwe. Khoswe wa lero anali woyera mbee, wa mtundu wa Wistar. Amayi ndikawauza pafoni kuti ndimatandala ndi makoswe amafa nacho chiseko: "Mwana wanga, sukulu yonse ija kuti uzikalera akuba a m'nkhokwe?"

Titamugonetsa ndi mankhwala ogonetsa a isoflurane, tinameta pamimba n'kutukula kachigamba ka khungu, kotsala kakulendewera pa mitsempha iwiri yokha: wobweretsa magazi ndi wowabweza kumtima. Wobwezawo ndi umene tinaupana ndi kachitsulo. Ulendo woyamba dzanja linanjenjemera, kachitsulo n'kuterereka. Mkulu wathu anangoti, "Yambiraninso, wotchi ibwerere pa ziro." Manyazi ake!

Kachiwiri zinatheka. Magazi akulowabe, koma kotulukira kulibe. Khungu lija linayamba kubiriwira ngati nthudza yakupsa, n'kutupa, ndipo manambala pa makina a laser Doppler, oyeza kayendedwe ka magazi, anatsika pang'onopang'ono.

Pa maikulosikopu m'pamene ndinaiwala njala. Timitsempha tating'onoting'ono kwambiri ndi topapatiza, mamaikulomita 5 mpaka 10 (mu milimita imodzi muli mamaikulomita 1,000), moti maselo ofiira amadutsamo pamzere ngati anthu pa kanjira ka m'munda. Poyamba ankathamanga, kenako ankangogwedezeka, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono, mpaka anaima n'kuthithikana. Madzi akumathawira kunja kwa timitsempha, ndiye kutupa kuja, ndipo kutupako kukumafinyanso timitsempha tomweto. Kale ndinkaganiza kuti choopsa ndi magazi kusafika. Ayi ndithu. Khungu limafa msanga magazi akasowa kotulukira kusiyana ndi akasowa polowera. N'chifukwa chake madokotala olumikiza chala choduka sagona tulo ndi mtsempha wobwezawu.

Marcello Malpighi, wasayansi wa ku Italy, anaona timitsempha timeneti m'mapapo a chule mu 1661, ndi galasi losafika n'komwe pa lathuli. Ine lero ndi kompyuta yonseyi ndimalepherabe kuika chithunzi pabwino.

Pa nkhomaliro mnzanga anandikumbutsa za misundu. Inde, abale ake a ija inkatikakamira m'miyendo kudambo. Malovu ake ali ndi hirudin, amene amaletsa magazi kuundana, ndipo ku America anaivomereza mu 2004 kuti iziyamwa magazi otsekeredwa chonchi m'zipatala. Amayi ndiwauza Lamlungu, ndimve kuti anena chiyani.

Khoswe uja sitinamudzutse. Pempho lathu la kafukufuku analivomereza motero. Ndinatsuka zitsulo, n'kulemba manambala m'kope. Mawa 7 koloko, wina.