Ana akuti ku Nyanga kulibe netiweki, ine ndikuti ndiye komweko

Nkhani inayamba Lamulungu lina titangobwera ku tchalitchi, nsima ili patebulo ndiwo yake chibwabwa chotendera (ana anga amati sadza koma ine ndinakana kalekale, panja itchuleni mmene mufunira, m'nyumba muno ndi nsima basi). Bambo a ana anangoti holide ya Epulo ikubwerayi tisangokhala pakhomo, tipite kumapiri. Wamkulu, amene ali Form 4 chaka chino, sanadzutse n'komwe mutu pa foni. Mwana wa achemwali anga amene tikukhala naye, wa zaka 13, anavomera pompo chifukwa iyeyu ngakhale mutati tikukagula makala amakhala atakwera kale galimoto. Koma mtsikana wanga wa zaka 14 ndi amene anafunsa, nkhope ili gwa, "Adadi, kumapiriko kukatani?"

Abambo ake anayankha kuti kukaona chilengedwe. Aaa, yankho limenelo kwa mwana wa zaka 14? Anangoti "oho" n'kupitiriza kudya, ndipo ine ndinadziwa kuti tikapanda kusamala tiononga ndalama kunyamula anthu atatu okwiya kupita nawo kumalo ozizira kuti azikakwiya bwino.

Poyamba abambowa mtima wawo unali ku Mulanje. Apongozi anga anachokera kumeneko ali mnyamata kubwera kudzagwira ntchito kuno Harare idakali Salisbury, ndipo mpaka lero akayamba za phiri la Mulanje simungawaletse, Sapitwa pamwamba penipeni mamita 3,002, mikungudza yonunkhira, madzi a ku Likhubula. Mwana wawo ndiye anakula akumva zimenezo mu Mufakose muno osalionapo phirilo. Koma titakhala pansi n'kuwerengera, njira yake ndi Nyamapanda, kenako Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, Zobue, Mwanza, Blantyre, ndiye uzikafika ku Mulanje, ndipo pa ana atatuwa awiri alibe mapasipoti. Komanso tinene zoona, ukafika kumudzi sungangodutsa abale n'kumati ndabwera kudzakwera phiri, holide yonse ithera kupereka moni ndi kupepesa maliro amene sitinapiteko. Ulendo umenewo ndi wina, udzakhala ndi nthawi yake.

Ndiye tinatsala ndi mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe konkuno. Vumba ndinakafikako kamodzi ndi amayi a ku tchalitchi, n'kokongola zedi, pafupi ndi Mutare, nkhalango yobiriwira, maluwa, mbalame, koma ndi malo oti munthu wamkulu ukhale pakhonde uzimwa tiyi, ana angawa tsiku lachiwiri ayamba kumenyana. Chimanimani ndi ya anthu odziwa kuyenda, kukwera kwake n'kwa miyala yeniyeni komanso n'kutali, tiyambe takhwima kaye miyendo. Nyanga ndi imene inatikwanira: makilomita pafupifupi 270 kuchokera mu tauni, umatenga msewu wa ku Mutare kudutsa Marondera, Macheke, Headlands, ukafika pa Rusape n'kukhotera kumanzere kulowera ku Juliasdale, maola anayi kapena kuposerapo pang'ono ukamayima yima ngati ife.

Chimene ndinachita, ndipo ndikudziyamikira ndekha pano chifukwa palibe wandiyamikira, ndinasiya kuwanyengerera. Ndinatenga kope lakale la masamu la mtsikanayu, masamba akumapeto osalembedwa, n'kugawa ntchito. Wamkulu ndinamuuza kuti iwe ndiwe wa msewu, uwerengere petulo wopita ndi wobwerera, ma tollgate angati, tiyima pati, tinyamuka nthawi yanji. Wamng'ono ndinamupatsa za chakudya chifukwa mimba ndiye dipatimenti yake. Mtsikana ndinamuuza kuti pa masiku anayi amene tikakhaleko, tsiku limodzi lathunthu ndi lako, chimene ulembe tikachita tonse ngakhale adadi ako, bola chisadutse bajeti.

Patangopita masiku awiri anabwera kukhitchini ndikutsuka mbale, foni m'manja, "Mami taonani izi." Anali mavidiyo a ku Mutarazi Falls. Mathithi amenewa ndi aatali kuposa ena onse mu Zimbabwe, madzi amagwa mamita opitirira 700 kulowera ku Honde Valley kumene kuli minda ya tiyi ndi nthochi, ndipo pamwamba pake anamangapo mlatho wazingwe woti uziyenda utamangidwa lamba m'chiuno, pansi pali phompho lokhalokha, palinso chingwe china chimene amakukoleka n'kukukankha uwuluke kuwoloka chigwacho. Ine kungoona vidiyoyo m'mimba munachita kuti juu, mbale inatsala pang'ono kundipulumuka. Iye ali, "Tsiku langa ndi limeneli." Munthu yemwe uja ankafunsa kuti kumapiri kukatani.

Zinthu zimenezi si zotchipa, tisanamizane. Kulowa mu paki umalipira, galimoto imalipiranso, zouluka pa chingwezo ndiye zili ndi mtengo wakewake ndipo ukachulukitsa ndi mitu isanu mutu umawawa. Tinagwirizana kuti ife makolo tilipira mlatho, amene akufuna kuuluka aikepo theka lake. Mtsikana wayamba kuluka anzake tsitsi Loweruka, wamkulu akutsuka magalimoto a ma neba, wamng'ono anangopita kwa amayi ake pa WhatsApp n'kulira mpaka anamutumizira pa EcoCash, aliyense ndi nzeru zake.

Pogona tasankha ma lodge a Zimparks, bungwe la boma loyang'anira mapaki a zachilengedwe, amkati mwa paki ya Nyanga momwemo, ali pafupi ndi madamu a Udu, Mare ndi Rhodes, umaphika wekha. Mahotela aliko, ku Troutbeck ndi kwina, koma ndi anyamata awiri amene amadya ngati dzombe sindingalimbe mtima kulipira chakudya cha pa mbale katatu patsiku. Ufa tinyamula, mafuta, kapenta, nyemba, mpunga, mazira, mbatata ya kachewere tikagula komweko chifukwa ku Nyanga ndi kwawo kwa mbatata, maapulo nawonso amagulitsa m'mbali mwa msewu cha ku Juliasdale. Wamng'ono pa lisiti yake analemba mabisiketi katatu m'malo osiyanasiyana poganiza kuti sindiona. Chinanso, Epulo muli Isitala komanso holide ya Independence pa 18, anthu a mu Harare amakhamukira komweko, ndiye malo umafunika kubukitsa msanga osati kudikira sabata yomaliza. Tinakonda Epulo chifukwa mvula imakhala ikutha, mathithi adakali odzaza, udzu wobiriwira. Ogasiti kumakhala mphepo ndi fumbi komanso wamkuluyu adzakhala ali pa moto wa mayeso a ZIMSEC, Disembala ndiye mvula ndi nkhungu, phiri sungalione n'komwe.

Tsopano za phiri lenilenilo. Nyangani ndi lalitali kuposa onse m'dziko muno, mamita 2,592, Harare ili pafupifupi 1,500, ndiye ngakhale galimoto imakufikitsa patsinde pokwera kale ndithu, mpweya umaumva kuti wachepa. Kukwera kwake amati maola awiri kapena atatu kwa munthu wamba, sipafunika zingwe, koma vuto lake ndi nyengo. Kumwamba kuja kumatha kukhala dzuwa lowala bwinobwino, mphindi zochepa nkhungu yatseka osaona ngakhale mnzako ali patsogolo, ndipo anthu anasowapo m'phiri limeneli osapezekanso, si nthano ayi. N'chifukwa chake umalembetsa kaye ku ofesi ya paki, umapita ndi gaidi, ndipo umayamba m'mawa osati dzuwa litapendeka.

Nditafotokoza zimenezi pakhomo, apongozi anali pampando wawo wa pakhonde akusenda nzimbe ndi kampeni kawo kaja kakutha mbali imodzi. Anaimitsa dzanja. "Mwati anthu amasowa?" Ndinati eya agogo, ndipo eni dera amati ukakhala m'phirimo usaloze chinthu ndi chala, usatukwane, ukaona chachilendo ungodutsa osayankhula. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva za m'bale wake. Akuti ku Mulanje n'chimodzimodzi, phiri lili ndi eni ake, ukapeza chakudya chokonzedwa bwino pamwala umadya wekha mwakachetechete osaitana mnzako, ukaitana basi wapita. Kenako analoza mdzukulu wawo wamkulu ndi kampeni kaja, "Iwe ndi pakamwa pakopo, ukakatukwane kumeneko." Mnyamata anaseka koma ndinaona kuti foni waiika pansi, anayamba kufunsa agogo ake mafunso mpaka mdima, zoti Sapitwa dzinalo likutanthauza kuti kumeneko sikupitidwa, zoti iwo anafika pati ali anyamata. Zaka zonsezi sindinaonepo awiriwa akucheza nthawi yaitali choncho, ndipo Chichewa chimene anayankhula mwanayu tsiku limenelo, chopindikapindika chosakaniza ndi Chishona koma Chichewa ndithu.

Ine za mizimu sinditsutsa sindivomera, ndine wa Mvano. Koma lamulo loti usachoke pagulu, usachite phokoso, umvere amene akudziwa njira, kaya walipereka ndi gaidi kaya agogo, kwa mwana wa zaka 16 ndilandira ndi manja awiri.

Loweruka lapitali tinati tiyese kaye miyendo ku Domboshava, makilomita ngati 30 kuchokera mu tauni, chimwala chachikulu chija chokhala ndi phanga la zojambula zamakedzana. Kumeneko ndiye zinaululika. Mtsikana anabwera ndi tinsapato toyera tosalala pansi toti azijambulitsa, pamwala potsetsereka anayenda chokhala pansi ngati mwana wophunzira kukwawa. Botolo la madzi tinatenga limodzi la malita awiri anthu asanu, linatha tisanafike theka. Ndipo mwini pulani, bambo a ana, amene ankati ine magazi anga ndi a ku Mulanje, ndi amene anayamba kuima, manja m'chiuno, akunamizira kuti akuona malo. "Taonani kukongola uko," mpweya uli wefuwefu, thukuta kutsika m'khosi mpaka kolala yonse kunyowa. Ana anaseka mpaka wamng'ono anagona pamwala. Ine sindinaseke kwambiri chifukwa mawondo anga nawonso amandiuza zawo, ndipo Lamulungu ku tchalitchi pogwada ndinachita kugwira benchi.

Koma pamwamba paja titafika, mphepo ikuwomba, palibe anatulutsa foni kwa kanthawi ndithu. Kenako anatulutsa, inde, ndi ana a masiku ano.

Kuchokera tsiku limenelo abambo akumadzuka 5 koloko kuzungulira mpaka ku mashopu n'kubwerera, akuti akukagula buledi, buledi wake wotenga ola lathunthu. Lolemba ndinapita ku Mupedzanhamo ku Mbare, kaunjika wathu wa kuno, kukasaka nsapato za mapazi okhakhala ndi majekete osalowa madzi. Ndinapeza mapeya atatu abwino nditavundukula milu mpaka msana kuwawa, ya mtsikana ndi yabulauni ndipo wanena kale kuti ndi yonyasa, ndamuuza kuti azivala popita kokagula zinthu kuti ifewe, nsapato yachilendo m'phiri imatulutsa matuza. Majuzi, zipewa zaubweya ndi masokosi okhuthala tili nazo za mu Juni, zonse zipita, chifukwa ku Nyanga ngakhale mu Epulo usiku kumazizira kuposa kuno. Mabulangete owonjezera ndinyamula ngakhale abambo akuti galimoto idzaza, Wish yathu yanyamulapo zoposa pamenepa popita ku maliro.

Pulani ili m'kope ija pano ikuoneka chonchi. Tsiku lofika palibe zambiri, kumasula katundu, kuyenda pang'ono m'mbali mwa damu, mwina anyamata kuyesa kuwedza nsomba za trout ngati tapeza chilolezo ndi mbedza. Lachiwiri Nyangani m'mamawa miyendo idakali ndi mphamvu, ndipo ngati kwacha ndi nkhungu tisintha ndi tsiku lina popanda kukangana, izi ndanenetsa. Lachitatu ndi lopuma, kukasambira pa dziwe la Nyangombe pamene pali kamchenga ngati kunyanja koma madzi ake ozizira ngati a mu fuliji, madzulo ku World's View, malo okwera oonera patali, kukaona dzuwa likulowa. Wamkulu wapempha kuti tikaonenso maenje omangidwa ndi miyala amene anthu akale anasiya m'derali, akuti zili mu History yawo, ine ndinadabwa kuti kani amamvetsera m'kalasi. Lachinayi ndi la mwini wake, Mutarazi.

Za mafoni tinakambirana nthawi yaitali kuposa za ndalama. Wamkulu anabwera ndi nkhope yachisoni kuti wamva kuti m'paki malo ambiri netiweki imavuta. Ndinati ndiye bwino. Abambo ankafuna mafoni onse atsale pakhomo, ine ndinakana, mwana wa msinkhu uwu ukamulanda foni ulendo wonse amangoganiza za foniyo, komanso zithunzi atijambula ndani. Tagwirizana kuti poyenda foni ndi kamera basi, zomvera m'makutu zitsale m'chikwama kuti gaidi akayankhula amveke, madzulo tikadya aliyense ali ndi ola lake losaka netiweki pamene angaipeze, kaya pamwamba pa chulu.

Dzulo usiku ndinatsegula kope lija kuti ndione ngati mtsikana wamaliza tsamba lake. Walemba bwinobwino ndi bolopeni, nthawi yonyamuka, zovala, mayina a amene akuyenda pa mlatho wazingwe: iye, achimwene ake, wamng'ono, adadi. Pansi penipeni pali "Mami" koma ndi pensulo. Ndinamufunsa m'mawa uno akumanga tayi ya sukulu kuti bwanji ine pensulo. Akuti, "Ndinakuonani ku Domboshava mmene munkagwirira mwala." Bolopeni ili pompano patebulo, sindinaigwirebe.