Magetsi a Kachewere

Ndimaphunzitsa Fizika pa sekondale ina kuno ku Angónia. Mutu wa sabata imeneyo unali woti sayansi imasintha moyo wa anthu, nawonso anthu amaikhotetsa sayansi. Ndinayambira pa Cahora Bassa, damu lopanga magetsi la pa mtsinje wa Zambezi, poti ndi lathu kuno ku Mozambique. Ndinawauza ana kuti khoma la ku Songo lija linayamba kumangidwa mu 1969, madzi n'kuyamba kudzaza chakumapeto kwa 1974. Makina alipo 5, mphamvu yake mamegawati 2,075, ndipo nthambo za makilomita pafupifupi 1,400 zimatenga magetsiwo kupita nawo ku siteshoni ya magetsi ya Apollo, kufupi ndi Johannesburg. Amene anasankha njira imeneyo si mtsinje wa Zambezi ayi, koma anthu a ndale ndi a ndalama. Nkhondo yapachiweniweni itavuta mapolo anagwetsedwa, makina abwinobwino n'kukhala zaka zoposa 10 osatumiza kanthu.

Ana ankangoyasamula. Kenako mtsikana wina wa kumbuyo anakweza mkono: "Aphunzitsi, ife kwathu timawerengera tochi. Magetsi athuathu sangapangike?"

Pakamwa panga mpamene panandigulitsa. "Mawa ndikupangirani magetsi ndi kachewere."

Kapangidwe kake n'kosavuta. Pa kachewere aliyense mumabaya msomali wokutidwa ndi zinki, uja wokhomera malata, ndi kachidutswa ka waya wa kopa kopalidwa bwino mpaka kung'anima. Ziwirizi zitalikirane ngati zala ziwiri, zisakhudzane m'katimo. Kachewere mmodzi amapereka mavoti (muyeso wa kukankha kwa magetsi) pafupifupi 0.9. Mukalumikiza kopa wa uyu ku msomali wa winayo, mavoti amaphatikizana. Mphamvu yeniyeni imachokera ku zinki amene akudyeka pang'onopang'ono. Kachewere ntchito yake n'kupereka madzi odutsamo magetsi basi. N'chifukwa chake wowiritsa mphindi 8 amaposa wamuwisi, poti m'kati mwafewa. Kababu ka LED kofiira kamafuna mavoti pafupifupi 2.

Ndinawiritsa kachewere 12 m'mawa, ndikumuika m'beseni, ndikuvundikira chitenje cha mayi akunyumba. Cholakwa changa chinali chimodzi: ndinasiya beseni patebulo m'kalasi n'kupita kukafuna mpeni wopalira waya. Mwezi wa June, kozizira, ana ambiri atayenda mtunda wautali osalawa kanthu, ine n'kuwasiyira kachewere wa nthunzi.

Pobwerera ndinapeza kalasi ili zii, aliyense maso m'kope, zimene sizinachitikepo chiyambire chaka. Ndikavundukula chitenje: atatu. Pansi pa desiki lina panali kapepala ka mchere. Ndi ndani anabwera ndi mchere kusukulu, mpaka lero sindinamupeze.

Ndinadzilimbitsa mtima. Atatu ndi mavoti oposa 2.5, kababu kayaka ndithu. Nthawi yomweyo aphunzitsi aakulu anatulukira pakhomo, manja kumbuyo, akuti amva kuti lero kuli zodabwitsa. Ndinalumikiza. Palibe. Ndinafinya mawaya, ndinapalanso kopa, ndinauzira ngati ndikukoleza moto. Palibe. Thukuta kamukamu, June yemweyo.

Nditayang'anitsitsa msomali ndinazindikira. Mwana wa mlamu wanga amene ndinam'tuma kumsika wa ku Ulongwe anagula misomali wamba yachitsulo, yotchipa, chenji n'kudyera mandasi. Chitsulo ndi kopa sizipitirira kwenikweni theka la voti, ndiye atatu aja sakanafika pa 2 ngakhale nditawapempherera.

"Aphunzitsi, ya malata ndikudziwa pamene ili," anatero mnyamata wina, n'kutuluka liwiro. Anabwera nayo itatu, yokhota pang'ono. Sindinafunse kumene waitenga, ndipo apa mpamene munthu wanzeru akanafunsa. Tinabaya, tinalumikiza. Palibebe. Mtsikana wa tochi uja anabwera kutsogolo mwaulemu, n'kutembenuza kababu: kamwendo katali kamayenera kupita ku kopa, zimene ndinawalembetsa ndekha dzulo lake. Kanayaka! Kuyaka kwake ngati chiphaniphani chodwala malungo, moti ndinachita kuvula jekete n'kuphimba, ana n'kumalowetsa mutu mmodzimmodzi. Aphunzitsi aakulu nawo anagwada n'kusuzumira, n'kutuluka akuti "Eee, kaliko."

Loweruka m'mamawa mayi akunyumba anandidzutsa: "Bambo, tulukani muone ntchito za manja anu." Pakhonde panali anthu 7, aliyense ndi foni ndi kachewere wake. Mbiri inali itamveka kuti aphunzitsi akutchaja mafoni ndi za kudimba. Ndinatenga kamtengo n'kuwawerengera pansi. Foni imafuna mavoti 5, ndiye kachewere 6 pamzere. Koma mzere umodzi umapereka mwina miliampeya imodzi (muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya), pamene foni imafuna 500 kapena kuposa. Mizere 500, kachewere 3,000, ndi misomali ya denga la tchalitchi chonse. Bambo wina anapukusa mutu, akuti masamu onsewo n'kungobisa chizimba, anthu ophunzira ndi omana.

Onse anapita kupatula agogo ena, amene anakhala pamkeka n'kunena kuti mdzukulu wawo ali ku Moatize ndipo sachoka asanamuimbire. Ndinalandira foni ndi kachewere wawo ndi manja awiri, ndikulowa kuchipinda, ndikuilumikiza ku batire ya sola. Kachewere uja tinakazinga madzulo.

Lolemba kunachita mphepo, lata limodzi la chimbudzi cha aphunzitsi linauluka n'kukagwera m'munda wa kabichi wa aphunzitsi aakulu, iwo ali m'chimbudzimo. Misomali yatsopano ndinagula ine, ya zinki, ndipo ndinapita ndekha kumsika. Agogo aja akuuza aliyense kuchigayo kuti kachewere wa kudimba kwawo anadzaza foni mpaka pakamwa, ndipo Loweruka likubwerali akuti abwera ndi anzawo a kumpingo.