Rome ndi Florence: Kusankha Tsiku ndi Ola Lopita Malo Alionse

Musanagule tikiti iliyonse ya ku Rome, ku Italy, yambani mwayang'ana kalendala. Ku Vatican Museums, nyumba zosungiramo zakale za ku Vatican, satsegula Lamlungu, kupatula Lamlungu lomaliza la mwezi pamene anthu amalowa ulere, ndipo tsiku limenelo mzere umatalika motsata linga mpaka kukutherani m'mawa wonse. Lachitatu Papa akamakumana ndi anthu pabwalo, tchalitchi cha St Peter's chimatsegulidwa cha kumasana. Ndiye ku Vatican pitani Lachiwiri kapena Lachinayi, mutsikire pa siteshoni ya Ottaviano pa metro A, sitima ya pansi panthaka.

Sistine Chapel, tchalitchi chaching'ono chotchuka ndi zojambula, ili kumapeto kwenikweni kwa nyumba zosungiramo zakalezi, choncho sungani mphamvu. Denga lake Michelangelo analijambula kuyambira 1508 mpaka 1512. Kutola zithunzi n'koletsedwa, ndipo alonda amangokhalira kukumbutsa anthu kuti akhale chete. Pezani malo pa benchi ya m'mbali mwa khoma, khosi lisakupwetekeni poyang'ana m'mwamba.

Ku St Peter's kulowa n'kwaulere, koma mapewa ndi mawondo akhale ophimbika. Ambiri amabwezedwa pakhomo ataima kale pamzere chifukwa cha kabudula. Chitenje chimodzi m'chikwama chimathetsa vuto limeneli. Kukwera pamwamba pa denga lozungulira kumalipiritsa: masitepe ndi 551, kapena 320 mukayamba ndi chikepe. Chakumtunda njira imapanikiza ndipo khoma limapendekera mkati, moti mumayenda chopendama. Odwala mtima asayese.

Colosseum, bwalo lakale la masewera lomwe linatsegulidwa m'chaka cha 80 AD, imafuna tikiti yokhala ndi ola lolowera ndi dzina lanu, yomwe mungagule pa intaneti. Tengani pasipoti. Tikiti yomweyo imakulowetsaninso ku mabwinja akale a Roman Forum ndi Palatine Hill, komwe mthunzi ndi wosowa, ndiye m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti pitani m'mamawa.

Madzi musagule. M'misewu muli mipope yachitsulo yotchedwa nasoni, yotuluka madzi akumwa ozizira usana ndi usiku. Tsekani kukamwa kwa mpope ndi chala, madzi atumphukira m'mwamba kudzera pa kabowo kakang'ono, inu n'kumwa. Nsapato zikhale zafulati, chifukwa miyala yakuda yoyalidwa m'misewu imaterera kukagwa mvula.

Tikiti ya basi imagwira ntchito mphindi 100, koma pokhapokha mwaidinditsa m'makina mukangokwera. Yosadinda amaiwerenga ngati mulibe, ndipo chindapusa chake n'chowawa. Mu basi 64, yochoka ku siteshoni yaikulu ya sitima ya Termini kulowera ku Vatican, chikwama chikhale kutsogolo, opisa m'matumba amaidziwa bwino.

Ku Florence mungapite ndi kubwera tsiku lomwelo: sitima yothamanga imatenga pafupifupi ola ndi theka. Koma lisakhale Lolemba, chifukwa nyumba zoonetseramo zaluso za Uffizi ndi Accademia zonse zimakhala zotseka, ndipo ku Accademia n'komwe kuli chiboliboli chenicheni cha David chosema Michelangelo. David amene waima pabwalo la Piazza della Signoria ndi wongofanizira.