Ababa atuluka m'chipatala, zikomo nonse

Abale, anansi ndi anzanga nonse, ndati ndikudziwitseni kuti ababa atuluka m'chipatala ndipo ali kumudzi kwathu kwa Mazengera. Akuyenda ndi ndodo, mkono wamanzere ukadali wolemera, mawu akutuluka pang'onopang'ono koma akumveka. Lamulungu lapitali anakwanitsa kukafika kutchalitchi ndi miyendo yawo. Ambiri munkaimba foni, ena munkalemba mauthenga usiku ndi usana, ndipo panthawiyo mutu unali utaima moti kuyankha aliyense kunali kovuta. Lero mtima wakhala pansi, ndiye ndithokoze bwinobwino.

Kwa amene simunamve, matenda ake ndi sitiroko. Anagwa m'mawa akuchokera kudimba. Amayi ataona kuti pakamwa papotokera mbali imodzi, mkono sukunyamuka ndipo zolankhula sizikumveka, anakuwa, anthu n'kuthamangira. Bambo wina woyandikana nafe nyumba anasiya khasu m'munda n'kukafuna galimoto, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo anali atafika nawo kuchipatala cha Nkhoma. Madokotala anatiuza kuti gwero lake ndi BP imene inakhala yokwera kwa nthawi yaitali iwo osadziwa, poti nthawi zambiri siipweteka paliponse. Ndikupempheni, pitani nawo makolo anu akayezetse, ngakhale akuoneka amphamvu ngati ababa amene ankalima tsiku lonse. Ndipo mukaona pakamwa papotoka kapena mawu asokonekera mwadzidzidzi, musayambe mwadikira kuti mwina zisintha madzulo. Thamangirani kuchipatala.

Zikomo madokotala ndi anamwino a ku Nkhoma, ndi a ku Kamuzu Central komwe anakawajambula m'mutu. Zikomo inu a mafizo, amene munkapinda ndi kuwongola mwendo uja tsiku ndi tsiku osatopa, ababa akukwinya nkhope, inu mukuwalimbikitsa ngati bambo anu okubalani. Amayi anzanga amene tinali limodzi pa ugadiyani, tinkagawana nkhuni, mchere ndi moto, ena mwa inu odwala anu sanabwerere kunyumba. Ndimakukumbukirani m'pemphero.

Amayi a Chigwirizano, munabwera ndi ufa, nyemba ndi nkhuku, munaimba pambali pa bedi motsitsa mawu kuti musasokoneze odwala ena, ndipo odwala enawo ndi amene anapempha kuti mubwereze. Akulu a mpingo ndi achinyamata a m'dera lathu, munakapalira ndi kubandira munda wa ababa popanda wokutumani. Achimwene ku Johannesburg, ndalama zanu pa Mukuru zinkafika nthawi yake yeniyeni. Aphunzitsi anzanga munanditengera makalasi anga osadandaula. Inu nonse amene munaponya kangachepe pa Airtel Money ndi pa Mpamba, ena osafuna n'kutchulidwa komwe, bilu ya kuchipatala tinalipira yonse. Ndipo amayi anga, inu amene munagona pansi pa simenti nthawi yonseyi ndi msana wanu wovutawo, mukukana kuti tisinthane, mawu okuthokozerani ndilibe.

Koma mundilole nditalikitse pang'ono za munthu amene munamuthandizayu, chifukwa ena mumangowadziwa ngati mkulu wa mpingo wovala jekete yakuda uja.

Ababa ndi mkamwini. Anachoka kwawo n'kudzamanga kwa amayi, monga mwa mwambo wathu wa Achewa. Pachikamwini, ana ndi a mbumba ya kuchikazi, ndipo mawu omaliza pa za mwana amakhala ndi amalume, eni mbumba. Abambo ambiri a nthawi imeneyo ankaona kuti kuphunzitsa mwana wako n'kulemeretsa mudzi wa eni, bola kusamala ana a mlongo wako. Nanji mwana wamkazi. Ababa ankazimva zonsezi pabwalo ndi pamaliro, koma sanazilowetse m'nyumba mwathu. M'chaka cha 1994, pamene boma linachotsa fizi kupulayimale ndipo ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo, iwo anandigwira dzanja n'kukandilembetsa okha sitandade 1. Madzulo ankandikhazika pamphasa pafupi ndi koloboyi, n'kutsegula Buku Lopatulika lawo lakale lija, lachikuto chong'ambika, kuti ndiziwawerengera. Kuwerenga ndinakuphunzirira m'menemo, chala chawo chokhakhala ndi fodya chikuyenda pansi pa mzere.

Kenako kunabwera njala ya 2002. Amene munaiona simufuna kukumbutsidwa. Chimanga chinasowa, kumisika ya ADMARC anthu ankagona pamzere, madeya anasanduka chakudya cha ulemu, ena ankakumba zitsa za nthochi. Mbuzi ndi nkhuku zinkagulitsidwa pamtengo wolira. Ine ndinali sitandade 8. Kunabwera munthu wina amene anali ndi nkhokwe, wamkulu kwa ine kutalitali, n'kunena kuti akufuna banja. Achibale ena anaona ngati ndi mpulumutsi, ndipo sindiwaweruza, njala imachotsa nzeru. Anakhala pansi kukambirana. Mwa mwambo, ababa anayenera kungomvetsera. Koma anapempha mwaulemu kuti alankhule, n'kunena kuti mwanayu akulemba mayeso chaka chino, ndipo ngati nkhani ndi chakudya, iwo aona chochita. M'mawa mwake anakagulitsa njinga yawo, yokhayo imene inalipo, n'kuyamba kuyenda pansi kukasaka maganyu.

Miyezi imeneyo tinkadya kamodzi patsiku. Ababa ankati adya kale komwe anali kuganyu, n'kukankhira mbale yawo kwa ife ana. Ndinadzamva ndili wamkulu, kuchokera kwa amayi, kuti masiku ambiri kunalibe chomwe anadya. Nditasankhidwa kupita kusekondale, ndalama za fodya wa bale zikangotuluka ku okushoni ku Kanengo, choyamba inali fizi yanga. Nyumba yathu inachedwa kufoleredwa malata chifukwa cha ine.

Pa Mateyu 7, Yesu akufunsa kuti ndi munthu uti amene mwana wake atamupempha mkate angamupatse mwala, ndipo akuti ngati ife ochimwa timadziwa kupatsa ana athu zabwino, kuli bwanji Atate wa Kumwamba. Ine vesi imeneyi sindinavutikepo kuikhulupirira. Ndinaiona ndi maso m'chaka cha njala, pa mbale ya phala la madeya. Kalasi ndinalowa, katekisima ndinaloweza, alangizi anandilangiza, ndipo zonsezo ndimaziyamikira. Koma pamene abusa ankaphunzitsa za chisomo, chikondi chimene sunachigwirire ntchito ndipo wochiperekayo sawerengera phindu, ine ndinali nditachidziwa kale kudzera mwa mkamwini amene anadzimana chifukwa cha mwana amene anthu ankati si wake woti n'kumudalira.

Ndikudziwa kuti si aliyense anakula chonchi. Ndili ndi anzanga apamtima amene bambo awo anawathawa, ena ankawamenya, ena ankangobwera kunyumba ataledzera. Mmodzi anandiuzapo kuti akamapemphera Pemphero la Ambuye, mzere woyamba umamukanika kukhosi. Ndikamamva zotere sindimufulumizitsa ndi mavesi. Ndimangozindikira kuti zomwe ndinalandira ine ndi mphatso yaikulu, ndipo ndimamupempherera kuti Mulungu adzionetse kwa iye mwa njira ina.

Abusa akakhala kuti apita kudera lina, ababa ankalalikira kunyumba ya mapemphero ya kwathu, ndipo ankakonda Luka 15. Alaliki ambiri amathera pa mwana wolowerera uja, ulendo wake, nkhumba zija, kubwerera kwake. Ababa ankapitirira mpaka kumapeto, kwa mkulu wake amene anapsa mtima n'kukana kulowa m'nyumba. Ankati taonani, bambo uyu anatuluka kawiri: anathamangira wotayika uja panjira, kenako anasiya phwando n'kutulukiranso wokwiya uja panja kukamudandaulira. Ndili mwana ndinkangomva ngati nkhani.

Kuchipatala kuja ndi kumene inandipeza. Usiku wina, ababa ali gone, malovu akutuluka osatha kudzipukuta, ndinakwiyira Mulungu kwambiri. Ndinkati munthu uyu wakutumikirani moyo wake wonse, wayenda m'matope kukayendera odwala, wagwira maliro a anthu osawerengeka, sanalawepo mowa, ndiye malipiro ake ndi amenewa? Kupemphera kunandikanika. Anthu ena anayamba kunong'ona kuti matenda ogwa mwadzidzidzi chonchi si achabe, pali munthu, tiyeni tikaombeze. Amayi atawafotokozera ababa, iwo anapukusa mutu mwamphamvu, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

M'mawa mwake ndinawatengera phala. Nditayandikitsa supuni, anatseka pakamwa. Ndinayesanso, anakana. Ndinaganiza kuti mwina latentha kapena kumeza kukuwavuta. Kenako ndi dzanja lawo lamanja, lomwe linkagwira ntchito, anagwira dzanja langa n'kutsinzina. Ndinazindikira kuti akudikira pemphero. Munthu wosatha kutchula ngakhale dzina langa sankafuna kudya asanathokoze. Ndinapemphera mawu ochepa, misozi ikugwera m'mbale, ndipo iwo anatsegula pakamwa n'kudya. Mkwiyo sunathe tsiku lomwelo ayi, unatenga nthawi. Koma ndinadziwa kuti ndine mwana wamkulu uja woima panja, ndipo Atate anditulukira, kudzera m'dzanja lomwelo limene linandiperekeza kusukulu.

Ababa, ndikudziwa kuti za Facebook simuzidziwa, ndiye ndidzakuwerengerani ndekha ndikabwera Loweruka, ngakhale mudzandiletsa pakati kuti ndikukukwezani. Zikomo chifukwa cha njinga ija. Zikomo chifukwa choyankhula tsiku lija pamene mwambo unkati mukhale chete. Simunandimenyepo kuti ndipite kutchalitchi, munkangodzuka, kusamba, kupukuta nsapato zanu ndi zanga, n'kundiyembekeza pakhomo. Ana amene ndimawaphunzitsa lero, makamaka atsikana amene makolo awo akufuna kuwasiyitsa sukulu, ndimawamenyera nkhondo chifukwa inu munandimenyera. Ndipo zidzukulu zanu zikuphunzira kupemphera zisanadye chifukwa zinaonera inu.

Kwa amene mukufuna kudzawazonda, khomo ndi lotsegula, ndipo alendo amawasangalatsa kwambiri. Mukatsika pa Kamphata n'kulowera msewu wa ku Nkhoma, ndiimbireni ndikulondolereni. Chonde muzibwera masana, chifukwa m'mawa amakhala akuchita mafizo ndipo amatopa. Mukafuna kuwatengera kanthu, zipatso ndi masamba zili bwino, madokotala aletsa zamchere wambiri ndi zamafuta. Mukamacheza nawo apatseni mpata amalize okha mawu awo, musawamalizire. Ndipo pitirizani kupempherera mkono wamanzerewo, chifukwa iwo akuti akufuna adzagwire khasu dzinja likubwerali.