Mafuta analekera pa mbiya yomaliza

Mvula yagwa usiku wonse, m'mawa uno ndafika kumunda n'kungoima ngati mlendo. Mayi a kuseri kwathu, omwe timakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi, anali kale pa mzere wachisanu, kambale ka mbewu m'manja, chidendene chikukwirira mapando. Kwanga theka la munda ndi mapesi a chaka chatha. Nditawapatsa moni anangoti, "Tadzuka bambo, koma mizere ija mwaisungira ndani?"

Chandiwawa n'chakuti Okutobala yense sindinaphonye mapemphero a usiku, kupempha chakudya cha ana anga, khasu lili pakona likudyedwa ndi dzimbiri. Lamulungu lomweli abusa anawerenga 2 Mafumu 4, za mayi wamasiye amene Elisa anamutuma kukabwereka mbiya zopanda kanthu kwa anansi. Mafuta anathiridwa mpaka mwana anati mbiya zatha, pomwepo n'kuleka. Ine Amen wanga anamveka mpaka kukwaya, osadziwa kuti akunena ine.

Nthaka yanyowa mpaka pansi, kumwambako sindingadandaule. Ndatuma mwana kukasaka aganyu awiri. Amene muli ndi khasu lapadera, ndibwerekeni mawa 5 koloko m'mawa.