Chitunda cha ku Thabwa chandiphunzitsa magiya

Ndikulemba miyendo ikadali yolemera, koma kumtimaku kwapepuka. Chinthu chimene chakhala chikundizunguza mutu chaka chathunthu ndachimvetsa Loweruka lapitali, ndipo ndachimvetsera pakati pa chitunda, dzuwa lili paliwombo.

Tinalipo anthu khumi ndi mmodzi a m'gulu lathu lopalasa njinga. Tinanyamuka mu Blantyre kusanache, kutsata msewu wa M1 kudzera ku Mpemba, n'kutsetsereka mpaka pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa. Za kutsika sindinenapo zambiri, nonse mukudziwa, ndi mabuleki basi ndi kusamala m'makona. Nkhani ili pobwerera. Blantyre ili pamtunda wopitirira mamita 1,000, pomwe kuchigwa cha Shire kuja ndi mamita 100 kapena kuposerapo pang'ono. Zonse zimene munatsika mukusangalala mumazibweza ndi miyendo yanu, ndiponso kukutentha kale.

Titangodutsa pa Thabwa ine ndinachita zimene ndimachita nthawi zonse. Ndinasiya tcheni pa giya ya mano 21 kumbuyo, kutsogolo 34, n'kuyamba kuponda mwamphamvu (giya yakumbuyo ya mano ochepa imalemera, ya mano ambiri imapepuka). Ndinakulira pa njinga yopanda magiya, yonyamulira matumba a chimanga kupita kuchigayo, ndiye m'mutu mwanga munakhazikika zoti chitunda chimafuna mphamvu, ukalephera utsike uzikankha. Giya yopepuka ndinkaiona ngati ya munthu amene watheratu.

Sindinapite patali. Mnofu wa ntchafu yakumanja unakokana, ndinatsika, n'kukhala pamwala m'mbali mwa msewu. Thukuta linali litauma pamalaya n'kusiya mizere yoyera ya mchere. Madzi a m'botolo anali ofunda ngati osamba. Anzanga asanu ndi anayi anali atabisika kale kuseri kwa kona.

Amene anatsala nane ndi bambo wina wa m'gulu lathu, wa imvi, amene sindinamuonepo akupikisana ndi munthu. Anandipatsa nthochi ziwiri, kenako anagwada pa tayala lakumbuyo n'kuyamba kuwerenga mano ndi chala.

"Achimwene, giya iyi ya mano 32 mukuisungira ndani?"

"Imeneyo imachedwetsa, bambo."

Sanatsutse. Anatola kamtengo n'kulemba pansi. Tayala la njinga yangayi likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.1. Pa 34 ndi 21, ndikaponda kamodzi ndimayenda mamita 3.4. Koma ndinkaponda kangati pa mphindi? Mwina ka 50, mokukuta mano. Ndiwo mamita 170. Pa 34 ndi 32, kuponda kamodzi ndi mamita 2.2 okha, koma poti n'kopepuka ukhoza kuzungulitsa ka 80. Ndiwo mamita 176.

Ndinayang'ana manambala awiriwo nthawi yaitali. Liwiro lake n'limodzimodzi! Chaka chonse ndakhala ndikuzunza mawondo pogula liwiro limene ndikanalipeza motchipa. Ntchito yokweza thupi ndi njinga pamwamba pa phiri sisintha, chimene chimasintha n'kagawidwe kake. Zili ngati kusamutsa mulu wa njerwa: ukhoza kunyamula khumi nthawi imodzi msana n'kuthyoka paulendo wachitatu, kapena kumanyamula zinayi uku ukuyenda mofulumira mpaka madzulo. Pa giya yolemera katundu wambiri amagwera minofu, ndipo minofu ikatopa imachedwa kubwerera. Pa yopepuka katundu wambiri amapita ku mtima ndi mapapo, ndipo befu amatha ukangochepetsa liwiro mphindi zochepa. Pamenepa m'pamene panali pobisika kwa ine.

Ndinakwera mtunda wotsalawo pa 32. Sikuti zinakoma ayi, ntchafu ija inkawopsezabe, ndipo ndinaima kawiri. Koma sindinakankhe. Tinakumana ndi anyamata a makala akukankha njinga zawo, matumba atasanjikizana kupitirira mutu, ndipo ndinawayang'ana ndi maso ena. Iwo giya yosinthira alibe, ine ndinali nayo koma osaigwiritsa ntchito.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi kuwerenga. Umayang'ana wotchi, n'kuwerenga kuti bondo lakumanja lakwera kangati m'masekondi 15, n'kuchulukitsa kanayi. Zikachepera 18, pepukitsa giya. Basi. Ine ndikuona kuti njira imeneyi ikuposa timakina tonse todula timene ena amamangirira pa njinga, ndipo wophunzira aliyense bwenzi akuyambira pomwepa asanagule ngakhale kabudula wopalasira. Lolemba ndayesa popita kuntchito, pokwera kuchokera ku Ginnery Corner kulowera ku Chichiri, ndipo ndafika malaya ali ouma.

Chikundiwawa n'chakuti akuluakulu a m'gulu lathu amazidziwa zimenezi. Akhala akundikuwira kuti "pepukitsa, pepukitsa" kuyambira tsiku loyamba, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anaima kundiuza chifukwa chake. Munthu wamkulu ukamuuza zochita popanda chifukwa, amangomva ngati ukumunyoza kuti ndi wofooka. Mphindi zisanu ndi kamtengo zikanakwana. Komanso sindingawaimbe mlandu wonse, timakumana Loweruka lokha, aliyense akuthamangira kuti abwerere dzuwa lisanakule, ena ali ndi maukwati masana, nthawi yokhala pansi n'kuphunzitsana ilibe malo.

Pali zimene sizinandilowebe. Ndikazungulitsa ka 80 mtima umagunda mpaka kumveka m'makutu, ndipo sindikudziwa ngati n'kusazolowera chabe kapena thupi langa limafuna 70. Kukokana kwa mnofu kuja nakonso, kodi inali giya yokha, kapena kutentha ndi kuchedwa kudya zinathandizira? Mwezi wamawa gulu likukamba zopita ku Mulanje kudzera ku Thyolo, kumene zitunda zake ndi zazifupi koma zobwerezabwereza. Kaya kuwerenga kwangaku kukagwira ntchito kumeneko, ndikaonera komweko.